Njira ziwiri zowerengera zithunzi zotayika pa kanema

Kanema akamadukizadukiza pa YouTube, ambirife timathamangira kunena kuti netiweki yavuta. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma kawirikawiri deta imakhala yafika yonse, kungoti foni kapena kompyuta ikulephera kukonza zithunzi pa nthawi yake. Pa kanema wa zithunzi 60 pa sekondi, chithunzi chilichonse chimakhala ndi mamilisekondi osakwana 17. Chikachedwa, bulawuza imachitaya n'kupitiriza, kuti mawu asasiyane ndi milomo ya wolankhula. Zipangizo zakale zimene zilibe kachida komasulira kanema wa mtundu wa VP9 kapena AV1 ndizo zimavutika kwambiri, chifukwa ntchito yonse imagwera purosesa.

Opanga mawebusayiti ali ndi njira ziwiri zoyezera vutoli, ndipo sizinena zofanana.

Yoyamba, getVideoPlaybackQuality(), ndi yosavuta. Mukaifunsa imakupatsani totalVideoFrames, zithunzi zonse chiyambire kanemayo, ndi droppedVideoFrames, zimene zatayidwa. Mungaifunse kamodzi pa masekondi angapo osalemetsa chipangizo. Inathandizanso kuthetsa chipwirikiti chakale, pamene Chrome inali ndi webkitDroppedFrameCount yakeyake ndipo Firefox inali ndi mozPaintedFrames. Koma ili ngati mwana wobusa amene akukuuzani kuti mbuzi zitatu zasowa, osadziwa kuti zasowera pati. Zithunzi 30 zotayika apa ndi apo m'mphindi khumi munthu sangazione. Zithunzi 30 zomwezo zikatayika nthawi imodzi, kanema waima ndithu. Nambala ndi imodzimodzi.

Yachiwiri, requestVideoFrameCallback(), inafika mu Chrome 83 mu 2020, mu Safari 15.4 mu 2022, ndipo Firefox inailandira mochedwa, mu 2024. Iyi imakudziwitsani chithunzi chatsopano chikatumizidwa kuti chionekere, n'kukupatsani mediaTime, malo a chithunzicho mu kanema, ndi presentedFrames, kuchuluka kwa zimene zatumizidwa. Apa m'pofunika kusamala, chifukwa n'zosavuta kuwerenga molakwika. Manambala onse awiri akalumpha limodzi, chithunzi sichinatayike; pulogalamu yanu ndiyo inachedwa kumva, popeza imagwira ntchito pamzere umodzi ndi zonse za patsambalo. Koma mediaTime ikalumpha zithunzi ziwiri presentedFrames itangokwera ndi chimodzi, pa kanema wa liwiro losasintha, pamenepo ndiye patayika chithunzi, ndipo mwadziwa sekondi yake. Choipa chake n'chakuti kuitanidwa kambirimbiri pa sekondi kumawonjezera katundu pa foni yofooka kale, yomweyo imene mukufuna kuithandiza.

Ine ndimaona kuti yoyamba ndiyo yoyenera kuyezera oonera onse tsiku ndi tsiku, komanso kuuza pulogalamu kuti itsitse kanema kuchoka pa 1080p kupita pa 720p. Yachiwiri isungidwe mpaka manambala ataonetsa kuti vuto lilipo ndipo mukufuna kudziwa pamene likuyambira. Ndipo inu amene mumangoonera, musanagule bandulo ina, tsegulani Stats for nerds pa YouTube muone zithunzi zimene zatayika.