Kalata Tsopano Ikuchokera kwa Mkazi

Pa gombe la Chikale ku Nkhata Bay madzulo, dzuwa litabisala kuseri kwa mapiri, ndinapeza msuweni wanga atakhala pamchenga, mapazi ali m'madzi. Anali atavala chitenje ngati amayi ena onse amene ankatsuka mapoto pamenepo. Chomuulula chinali zipsera za jombo pa akakolo ndi msana woongoka ngati mtengo wa bulugamu. Ndi msilikali, anabwera pa tchuthi atatha chaka ku Congo.

Nkhata Bay siyachilendo pa nkhani za nkhondo. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Gwendolen inanyamuka padoko lomweli kukawononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann tsidya la nyanja. Atonga anali m'gulu la anthu oyamba kulembedwa usilikali ndi Angelezi, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse asilikali a King's African Rifles a kuno anakafika ku Ethiopia, Madagascar mpaka ku Burma. Nthawi yonseyo mkazi gawo lake linali kudikira. Kalata inkayenda miyezi, akuluakulu a nkhondo ataiwerenga kale, ndipo wosadziwa kulemba ankapempha mnzake kuti amulembere. Tangoganizani kuuza mwamuna mnzako mawu a chikondi opita kwa mkazi wako! Kuno, chifukwa cha sukulu za mishoni ya Bandawe, odziwa kuwerenga sankasowa, koma kalatayo inkawerengedwabe mokweza pakhonde, apongozi ali pomwepo, khutu lili tcheru kuti amve za ndalama.

Gulu lankhondo la Malawi linayamba kulemba akazi mu 1999. Amaphunzira ku sukulu ya asilikali ya MAFCO ku Salima: kuguba, kuthamanga chikwama chili kumsana, kumasula mfuti ndi kuimanganso, kugona kutchire. Akamaliza amatumizidwa ku Kamuzu Barracks ku Lilongwe, Cobbe ku Zomba, Moyale ku Mzuzu ndi kwina. Ena ndi anamwino, ena madalaivala, amakanika, makalaliki ndi olumikiza mauthenga pa wailesi. Enanso ndi asilikali oyenda pansi basi, mfuti paphewa.

Mu 2013 asilikali athu anayamba kugwira ntchito kummawa kwa Congo limodzi ndi a ku Tanzania ndi South Africa, pansi pa United Nations. Si ntchito yongolondera. Mu Novembala 2018 Amalawi asanu ndi mmodzi anafera kufupi ndi Beni, ndipo mmodzi mwa iwo, Chancy Chitete, anaomberedwa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania. Kumalo otereko msilikali wamkazi ali ndi ntchito imene mwamuna sangaithe. Ndiye amasecha amayi pa chipata. Mayi wogwiriridwa ndi zigawenga, amene sangatsegule pakamwa pamaso pa mwamuna wa yunifolomu, amalankhula akaona mkazi mnzake. Msuweni wanga, pondifotokozera zimenezi, atafika pamenepa anangoti zii, n'kumakumba mchenga ndi chala.

Chimandiwawa n'chakuti ambiri timawaonabe ndi diso lokhota. Mwamuna akapita ku Congo timati wapita kukagwira ntchito, koma mkazi akapita timafunsa kuti ana wasiyira ndani, ndipo miseche imayamba ndege isananyamuke n'komwe. Anawo amakhala ndi bambo awo, kapena agogo, ndipo nyumba yamalata imene ikumangidwa ndi ndalama zochokera kumeneko tonse timaiyamikira.

Nanga makalata? Msuweni wanga anandionetsa foni. Mauthenga a mawu pa WhatsApp, ambirimbiri, ena ojambulidwa usiku monong'ona kuopa kudzutsa anzake m'tenti. Za kumene ali ndi zimene akuchita saloledwa kunena, choncho nkhani zake ndi zazing'ono: ngati mwana wamera dzino, ngati chinangwa chauma, kuti akulakalaka kondowole wa usipa. Netiweki ikasowa masiku atatu, mwamuna wake ankakhala pakhonde foni ili m'manja, wailesi ili pambali, osadya.

Panali kalata imodzi yokha ya papepala. Anailemba usiku woti mawa apita kukasaka zigawenga, n'kuipereka kwa mnzake kuti aitumize kumudzi ngati sabwerako. Anabwerako, kalatayo anaitenganso, ndipo ili m'thumba la chikwama chake yosatsegula. Mwamuna wake sadziwa kuti ilipo.

Mwana wake anatuluka m'madzi akunjenjemera. Msuweni wanga anamasula chitenje chapamwamba, n'kumufunditsa, n'kumubereka.