Magazi Akacepa Cifukwa ca Mankhwala a Khansa

Abale ndi alongo, ena mwa ife amalandila chemotherapy ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka. Tikaona kuti afooka, akumva cizungulile kapena akupuma movutikila, tisafulumile kunena kuti cikhulupililo cawo cazilala. Nthawi zambili vuto ndi kucepa kwa magazi.

Mankhwala a khansa amafooketsanso mafuta a m'mafupa, mmene mumapangidwa maselo ofiila onyamula okosijeni. Hemoglobin ikatsika pansi pa 10, dokotala angalembe nyeleti ya epoetin kapena darbepoetin. Nyeletiyi imagwila nchito ngati erythropoietin, imene impso zimatulutsa pouza mafupa kuti apange magazi. Pamapita milungu ingapo kuti iyambe kuthandiza, ndipo kawilikawili amaonjezelapo ayironi. Koma ili ndi ngozi zake: magazi angaundane m'mitsempha, BP ingakwele, ndipo pa khansa zina cotupa cingakule msanga. N'cifukwa cake sapatsa aliyense.

Magazi akatsika kwambili, cothandiza mwamsanga ndi kuikidwa magazi. Apa mpingo uli ndi mbali yake: amene tili ndi thanzi labwino tikapeleke magazi. Odwala tiziwapemphelela, tiziwapelekeza ku cipatala, ndipo tisawapatse zitsamba dokotala asakudziwa.