Claire Kirkland-Casgrain ndi Mphamvu za Nyumba ya Malamulo ya Chigawo

Anthu akamva kuti uje anali phungu wa nyumba ya malamulo ya chigawo, amafulumira kumuyesa wandale wamng'ono amene analephera kukafika kulikulu. Ku Canada kuganiza kotere n'kulakwa. Malamulo oyendetsera dzikolo a 1867 anasiya nkhani za katundu ndi mapangano a pakati pa anthu m'manja mwa zigawo, osati boma la ku Ottawa. Motero ku Quebec, funso lakuti mkazi wokwatiwa angasaine pangano payekha kapena ayi linali la aphungu a chigawocho. Malamulo a m'deralo a 1866 ankati sangatero popanda chilolezo cha mwamuna wake, ndipo zinakhala choncho zaka pafupifupi 100.

Amene anatsogolera kusintha zimenezi ndi Claire Kirkland-Casgrain, loya wophunzira ku yunivesite ya McGill. Akazi a ku Quebec analoledwa kuvota pa zisankho za chigawo mu 1940, koma panapita zaka 21 wina asanalowe m'nyumbayo. Iye anapambana chisankho chapadera m'dera la Jacques-Cartier mu 1961, ndipo mu 1962 nduna yaikulu ya chigawocho, Jean Lesage, anamuika m'gulu la nduna zake. Lamulo limene anabweretsa, Bilu 16, linayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 1964. Linachotsa mawu akuti mkazi ayenera kumvera mwamuna wake, n'kumulola kusaina mapangano, kukasuma kukhoti ndi kugwira ntchito imene wasankha osayamba wapempha.

Otsutsa amati mpandowo anangoulandira ngati cholowa cha ndale, pakuti unali wa bambo ake, Charles-Aimé Kirkland, amene anamwalira ali phungu wa deralo. N'zoona kuti dzina la bambo linamuthandiza, monga limathandizira ana ambiri a andale kulikonse. Koma dzina silinalembe Bilu 16, ndipo anthu anamusankhanso mu 1962, 1966 ndi 1970. Ena amati unduna wake woyamba unali wongokongoletsa boma, poti analibe nthambi yakeyake yoyang'anira. Komatu lamuloli analikonza ali pa mpando womwewo, asanapatsidwe unduna wa za mtengatenga ndi mauthenga mu 1964, ndipo pambuyo pake wa zokopa alendo ndi wa zachikhalidwe.

Chotsutsa cholemera kwambiri n'chakuti lamulolo linalekera panjira. Mwamuna anapitiriza kuyang'anira chuma cha banja m'maukwati ambiri, ndipo kufanana kwenikweni kwa mwamuna ndi mkazi m'banja kunalowa m'malamulo a Quebec mu 1980, iye atachoka kale. Apa palibe chokana. Chofunika kukumbukira n'chakuti pa zaka zonse zimene anakhala phungu, mkazi m'nyumbamo anali yekha, ndipo bilu iliyonse inkadalira mavoti a amuna okhaokha, m'dera limene mpingo wa Katolika unali ndi mawu amphamvu pa nkhani za banja. Akanafuna zonse nthawi imodzi, mwina sakanapeza kalikonse.

Anasiya ndale mu 1973 n'kukhala woweruza milandu. Atamwalira mu 2016, boma la Quebec linamuchitira maliro a boma, ndipo anali mkazi woyamba kulandira ulemu umenewu m'chigawocho.