Makolo Akalekana, Mwana Amapita kwa Yani?

Ana inu a ku Petauke ndi ku Nyimba, lilipo funso limene anzanu ambiri amangolisunga mumtima poopa kukalipiridwa: ukwati wa amayi ndi abambo ukatha, mwana amakhala ndi yani? Lero tilifunse poyera.

Mwambo umati chiyani?

Ansenga, monganso Achewa, amatsata mtundu wa kuchikazi. Mwana amawerengedwa kwa amayi ake, ndipo amalume ndiwo amakhala ndi mawu aakulu pa iye. Kale banja likatha, ankhoswe ankakambirana, bambo n'kulongedza katundu wake kubwerera kwawo, ana n'kutsala ndi amayi. Mwambowu ukadalipo m'midzi ya Mfumu Yaikulu Kalindawalo ku Petauke ndi ya Mfumu Ndake ku Nyimba.

Nanga lamulo la boma?

Mu Ogasiti 2022, Pulezidenti Hakainde Hichilema anasainira lamulo lalikulu la ana lotchedwa Children's Code Act. Lamuloli likuti khoti lisayambe ndi kufunsa kuti, "Mwanayu ndi wa yani?" Liyambe ndi kufunsa kuti, "Chomukomera mwanayu n'chiyani?" Funso limeneli limaposa zofuna za abambo, za amayi, ngakhale za amalume. Mfundoyi ilinso m'pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, limene Zambia inavomereza mu 1991.

Woweruza amadziwa bwanji chokomera mwana?

Tiyerekeze mtsikana wa Giredi 6 ku Nyimba. Amayi ake amagulitsa nthochi m'mphepete mwa msewu wa Great East Road. Abambo ake apeza ntchito ku Lusaka ndipo akufuna kumutenga. Woweruza amachita ngati wogula nshawa, amene satchula mtengo asanaike thumba pasikelo. Amayeza chimodzichimodzi. Kodi sukulu ipitirira bwino kuti? Malungo akamugwira usiku, adzathamanga naye ndani kuchipatala? Kodi akapita, asiyana ndi ang'ono ake? Alipo pakhomopo amene amamumenya kapena kumuopseza? Nthawi zina woweruza amatuma a Social Welfare kukaona ndi maso awo kumene mwanayo amagona ndi zimene amadya. Kukhala ndi ndalama zambiri pakokha sikupambanitsa kholo mlandu.

Kodi mwana amaloledwa kulankhulapo?

Inde! Kunyumba timaphunzira kuti akulu akamakamba, mwana amakhala chete, ndipo ulemu ndi wabwino. Koma nkhani ikakhala yokhudza moyo wanu, lamulo likuti maganizo anu amvedwe molingana ndi msinkhu wanu. Mtsikana uja angathe kunena kuti, "Ndikufuna nditsirize Giredi 7 kuno, patchuthi ndizipita kwa abambo." Woweruza amaika mawu amenewa pamodzi ndi zina zonse, kenako n'kugamula yekha. Choncho musadziimbe mlandu ngati kholo lina lakhumudwa ndi chigamulo.

Kholo limene silikhala nanu, lamasuka?

Ayi ndithu. Ukwati umatha, koma ubambo ndi umayi sizitha. Onse awiri ayenera kukupezerani chakudya, zovala, pogona, mankhwala ndi zofunika kusukulu, ngakhale atakhala kuti sanakwatiranepo. Kholo likamazemba, khoti lingathe kulilamula kuti lizipereka ndalama mwezi ndi mwezi.

Nanga kholo likamwalira?

Munthu akamwalira osalemba wilo, lamulo la 1989 la chuma chamasiye limapatsa ana theka la chumacho. Pa K100 iliyonse, K50 ndi ya ana, K20 ya mkazi kapena mwamuna wotsala, K20 ya makolo a womwalirayo, ndipo K10 ndi ya ena amene ankadalira malemuwo. Koma minda ya m'manja mwa mafumu imatsata mwambo. Wachibale wobwera pamaliro n'kunyamula mbuzi, njinga ndi malata, ana n'kutsala manja lende, walakwira lamulo. Ndipo pasapezeke wokuuzani kuti, "Popeza wokusunga palibe, ingokwatiwa." Kuyambira Disembala 2023, ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 ndi wosavomerezeka mu Zambia, ungakhale wa mwambo.

Zikavuta, muuze ndani?

Yambani ndi munthu wamkulu amene mumamukhulupirira: agogo, azakhali, aphunzitsi kapena anyakwawa a m'mudzi mwanu. Kupolisi kuli nthambi ya Victim Support Unit, yomwe imamva madandaulo a ana ndi a m'banja. Pafoni iliyonse mungathenso kuimba 116, nambala ya Childline, ndipo ndi yaulere. Ilembeni lero kuchikuto cha kope lanu, muuzenso mnzanu wokhala naye desiki imodzi.