Dokotala Wathu wa Pafupi ndi Nthenda ya Glaucoma

Pa tchuthi chapitachi ndinaona agogo anga akugunda mtondo umene unali pambali pa khomo, chonsecho kalata yanga anali atawerenga okha bwino-bwino. Ife tinangoti ndi ukalamba. Koma atapita ku chipatala chathu chaching'ono chifukwa cha chifuwa, dokotala anawafunsanso za maso, nawatumiza ku chipatala chachikulu kumene anawapeza ndi nthenda yotchedwa glaucoma.

M'kati mwa diso muli madzi amene amapangika nthawi zonse, natuluka pa tinjira tating'ono. Tinjirati tikayamba kutsekeka madzi amachuluka, diso limalimba, ndipo mtsempha wotenga zimene taona kunka nazo ku ubongo umafa pang'ono-pang'ono. Poyamba munthu saona za m'mbali, koma za patsogolo amaziona, ndipo kawiri-kawiri samva kuwawa ai. Munthu wa ng'ala akamchita opaleshoni amaonanso, koma mtsempha uwu ukafa sudzukanso. Madzi akatayika saoleka.

Madokotala a maso ndi ochepa, ndipo amapezeka m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Nkhoma. Munthu wosamva kuwawa sangauyambe ulendo wotere. Amene amakumana naye ndi dokotala wa pafupi, yemwe amatithandiza malungo ndi chifuwa. Tsono iyeyu ali ndi nchito zitatu.

Yoyamba ndiyo kuzindikira amene ali pa ngozi: opitirira zaka 40, odwala shuga, ndi amene kholo kapena mbale wao ali ndi nthendayi. Ife anthu akuda imatigwira kwambiri, ndiponso msanga, koposa azungu. Dokotala angathe kusuzumira m'diso ndi kachipangizo kounikira kamene Hermann von Helmholtz wa ku Germany anatulukira mu 1851, naona ngati mtsempha wayamba kuonongeka.

Yachiwiri ndiyo kutumiza wodwala kwa dokotala wa maso, amene amayeza kulimba kwa diso. Pa anthu ambiri muyesowo umakhala pakati pa 10 ndi 21. Ulipo mtundu wina wa glaucoma umene umadza mwadzidzidzi: diso limafiira ndi kuwawa, mutu umapweteka, munthu amasanza. Wotereyu ayenera kutumizidwa tsiku lomwelo.

Yachitatu ndiyo kusamala wodwala atabwerera kumudzi. Mankhwala odontheza m'maso sabweza kuona kumene kwatayika, amangoteteza kumene kwatsala, ndipo afunika tsiku ndi tsiku. Ambiri amaleka poona kuti palibe chasintha, choncho dokotala wa pafupi ndiye amawalimbikitsa. Ndiyenso adziwa matenda ena a munthuyo. Mankhwala otchedwa timolol amathandiza diso, koma angathe kubanikitsa munthu wa mphumu. Ena a mtundu wa steroid, amene anthu amagula okha diso likamayabwa, angathe kulimbitsa diso.

Agogo diso limodzi linatha, koma linalo akuonera, ndipo amadontheza mankhwala m'mawa ndi madzulo. Atate ndi amalume nawonso akayezetsa.

Anzanga, sukulu ikatsekera tiyeni tikaone m'mene makolo athu akuyendera. Ngati akupunthwa pa zinthu za m'mbali, tisaseke kapena kuganizira ufiti, koma tiwaperekeze ku chipatala, ndipo tikamuuze dokotala zonse zimene taona.