Kudzipereka ku Chilumba: Zikhulupiriro ndi Zoona

Mfumu ikaitana anthu ofuna kugwira ntchito yongodzipereka, manja amakwera ambiri, koma ikamatha miyezi ingapo otsala amakhala owerengeka. Ambiri amasankha ntchito potengera zongomva.

Chikhulupiriro: Ntchito yodzipereka imabwera ndi alendo akunja.

Zoona: Kafukufuku wa khate ndi TB yemwe adayamba ku Chilumba mu 1979, ndipo adadziwika kuti Karonga Prevention Study, lero ali m'manja mwa bungwe la MEIRU. Kuyambira 2002 kalembera wake wa anthu wakhala akudalira eni mudzi: munthu amayang'anira mabanja oyandikana naye, n'kumapereka mwezi ndi mwezi uthenga wa ana obadwa ndi maliro. Mlendo sangadziwe khomo lomwe kwabadwa khanda usiku wathawu.

Chikhulupiriro: Popanda satifiketi ya Fomu 4 palibe chomwe ungathandize.

Zoona: Zimatengera ntchito yake. Kulemba kaundula kumafunadi cholembera. Koma komiti ya padoko, BVC, imafuna munthu wodziwa maukonde oletsedwa ndi nyengo yotseka nyanja, yemwe asodzi anzake angamumvere. Mother group imafuna mayi yemwe mtsikana wosiya sukulu angamuululire zakukhosi. Sukulu ya mkombaphala imafuna wodekha ndi ana.

Chikhulupiriro: Sankha komwe kuli alawansi.

Zoona: Mlangizi wa zaumoyo, HSA, ndi wantchito wa boma ndipo amalandira malipiro, wa m'komiti ya zaumoyo ya m'mudzi salandira. Kandalama ka kumaphunziro, tisheti kapena njinga zimatha pulojekiti ikatha, pomwe mjigo umafunabe wousamalira. Funsani poyamba pomwe ngati pali cholowa, ndipo mudzifunse ngati mungapitirize chitasiya kubwera.

Chikhulupiriro: Kudzipereka kwenikweni ndi kwa pangozi.

Zoona: Zivomezi za mu Disembala 2009 m'boma la Karonga, komanso kolera wa 2022 ndi 2023, zidafunadi anthu othamanga, monga a Red Cross. Komatu ngozi ikagwa, othandiza msanga ndi omwe adaphunzira kale kutsira kolorini m'madzi ndi kupereka thandizo loyamba. Luso limeneli limaphunziridwa kunja kuli bata.

Chikhulupiriro: Wamtima wabwino sakana ntchito.

Zoona: Mlimi wa mpunga ku Hara kapena ku Wovwe sangakhale pamsonkhano nthawi yowokera. Msodzi wa usipa yemwe wachezera panyanja sangalere ana m'mawa. Wogulitsa malonda pa Uliwa akatseka golosale, banja lake ndilo limavutika. Kukhala m'makomiti anayi kumangodzaza dzina m'mabuku, mpando uli wopanda munthu.

Choncho musanakweze dzanja, wonani nthawi yomwe muli nayo m'dzinja ndi m'chilimwe momwe, luso lomwe anthu amakudziwani nalo kale, ndi mtunda womwe mungayende wapansi. Mukatero sankhani ntchito imodzi, muuze amfumu kapena wapampando kuti mugwira kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo muikwaniritse.