Mbewa zikuthera m'ndowa kuchigwa cha Shire

Dzuwa likamapendeka m'miyezi ya June ndi July, pamene chimanga, mapira ndi mchewere zalowa m'nkhokwe, m'minda ya ku Chikwawa ndi Nsanje mumayamba ntchito ina. Anyamata amatuluka m'mudzi atanyamula khasu, ndowa, zigubu za madzi ndi kajumbo ka gaga wokazinga. Mlendo angaganize kuti akukathirira mbewu kudimba, koma ayi ndithu, akukatchera mbewa.

Msampha wake ndi wosavuta. Amakumba dzenje pafupi ndi mapesi kapena pamene paoneka tinjira ta mbewa, n'kukwiriramo ndowa kapena mtsuko mpaka kukamwa kwake kulingane ndi nthaka. Akatero amathiramo madzi osadzaza, kenaka amapaka gaga m'mphepete mwa kukamwako. Ena amapingasa waya pamwamba pa ndowa atalowetsako kabotolo kapena chitsononkho chopakidwa nyambo. Mbewa ikapondapo kuti inyambite, chinthucho chimazungulira ndipo iyo imagwera m'madzi.

Luso lagona pa kuchuluka kwa madzi. Akachepa, mbewa imaponda pansi n'kudumphira kunja. Akachuluka, imasambira n'kugwira kukamwa kwa ndowa. Gaga naye amafunika kukazinga mpaka anunkhire, chifukwa usiku mbewa imatsata fungo.

Pamenepa ndi pamene ndowa ikuposera diwa la makolo. Diwa likagwa kamodzi latha, limadikira mwini wake m'mawa kuti adzalitcherenso, pomwe ndowa imagwira ntchito usiku wonse. Ikuposanso kukumba mauna, ntchito yotopetsa m'dothi louma gwa la kuchigwa, imenenso nthawi zina imathera pa njoka m'malo mwa ndiwo.

Zogwera m'ndowa zambiri zimakhala kapuku, mbewa yoswana modabwitsa. Yaikazi imatenga bere kwa masabata atatu okha ndi masiku ochepa, ndipo kuswa ana 10 kapena kuposerapo nthawi imodzi si chachilendo. N'chifukwa chake chaka chimene zakudya zachuluka m'minda ndi m'madambo mlimi amangodzidzimuka mbewu zomwe anabzala dzulo zafukulidwa mzere wonse. Kwa mlimi wa kudimba, yemwe amadalira chinyontho chotsala madzi a Shire akaphwa, ndowa ikuteteza mbewu komanso ikupereka ndiwo.

Koma kuchigwa sikufuna waulesi. M'miyezi ya October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo mbewa yofera m'madzi sichedwa kuwonongeka. Wotchera amayenera kulawirira tambala atangolira, kukawonjola, kutumbula, kuwiritsa ndi mchere, n'kuyanika kapena kuwamba pamoto. Zikauma amazitsina pampani, zina n'kudya pakhomo, zina n'kupita nazo m'misika ing'onoing'ono ndi m'mbali mwa msewu wa M1. Si onse amadya, popeza Asilamu ndi Akhristu a mipingo ina saziyandikira n'komwe, koma kwa ambiri mbewa ndi nyama yotsika mtengo kuposa ya mbuzi.

Ubwino waukulu wa msamphawu ndi woti sufuna moto. Chaka chilichonse osaka mbewa amayatsa tchire kuti mauna aoneke, ndipo moto wotere sudziwa malire. Umatentha mapesi amene akanawolerana m'munda, msipu wa ng'ombe zomwe ndi chuma cha anthu a ku Ngabu ndi Bangula, udzu wofolerera nyumba ndi timitengo tongophuka kumene. Kutentha mahekitala a tchire pofuna mbewa zodzaza kambale kamodzi ndi malonda olowa pansi, ngakhale woyatsa moto saona choncho popeza zopsazo si zake.

Ndowa sifunanso poizoni. Ogula mbewa ambiri amaopa kugulitsidwa zophedwa ndi tameki kapena mankhwala ena a makoswe, ndipo mantha awo ndi omveka, chifukwa mbewa ikawambidwa palibe angadziwe chimene chinaipha.

Komabe pali ngozi imene ndowa singachotse. Boma la Nsanje linagwidwapo ndi mliri wa makoswe mu 1997, ndipo unabweranso mu 2002 pamene anthu oposa 70 anadwala m'miyezi ya April ndi May. Matendawa amayenda ndi nthata zokhala pa makoswe ndi mbewa. Nyamayo ikafa n'kuyamba kuzizira, nthata zimaithawa kukafuna magazi ena, ndipo woyandikira kwambiri amakhala yemwe waitola. Wodwala amatentha thupi kwambiri ndi kutupa mwanabere m'mphechepeche, m'khwapa kapena m'khosi. Mankhwala ake alipo kuchipatala ndipo amachiza munthu akafulumira. Mbewa yopezeka itafa yokha m'munda si ndiwo, ndipo zikayamba kufa zambiri popanda chozipha, ofunika kuuzidwa msanga ndi alangizi a zaumoyo.

Kutchera ndi madzi ndi nyambo sikwachilendo kumaiko ena. Ku America ndi Canada alenje amatchera misampha yachitsulo m'mphepete mwa mitsinje ataika nsomba ngati nyambo, pofuna nyama monga raccoon, imene kuno ku Africa kulibe. Iwo chimene amafuna ndi ubweya wosokera zovala za m'nyengo yozizira, ndipo amagula chiphaso n'kutchera m'miyezi yoikika ndi boma. Ku Nsanje munthu sangalote chikhoti chaubweya. Kuno nkhani ndi ya mphika.

Mphikawo ndi umene umakokera ena kuchoka m'munda kulowa m'dambo, komwe kuli nyama zazikulupo. Nchenzi, yomwe imatha kulemera makilogalamu 4 kapena kuposerapo, imakonda bango, mpunga ndi nzimbe, choncho madera ozungulira minda ya nzimbe ku Nchalo ndi kwawo. Ku Ghana ndi Benin nyamayi amaiweta m'makola n'kumagulitsa, koma kuno imasakidwa ndi agalu ndi makhwekhwe otcheredwa m'tinjira take ta m'mbali mwa madzi.

Vuto la khwekhwe ndi loti silisankha. M'tinjira tomweto mumadutsa katumbu, nyama yaubweya wosalala imene imadya nkhanu, achule ndi nsomba. M'Malawi muli mitundu iwiri ya katumbu, ndipo yonse bungwe la IUCN linaiika pagulu la nyama zimene zayandikira kukhala pachiopsezo. Asodzi samukonda chifukwa amaba nsomba m'miono ndi kung'amba maukonde, kotero akakodwa sipakhala womulirira.

Dambo la Elephant Marsh, lomwe David Livingstone analitcha dzinali mu 1859 ataona njovu mazanamazana, lero lilibe njovu. Mu 2017 linalowa m'kaundula wa madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar, lachiwiri m'dziko muno pambuyo pa nyanja ya Chilwa, ndipo ndi lalikulu mahekitala oposa 61,000. Panganoli silithamangitsa asodzi ndi alimi, koma limafuna kuti zachilengedwe zigwiritsidwe ntchito mosamala.

M'malo otetezedwa a Lengwe, Majete ndi Mwabvi nkhani ndi ina. Kutchera msampha wa mtundu uliwonse mmenemo ndi mlandu, kaya wagwira nyama kaya ayi. Lamulo la nyama zakutchire la 1992 linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo chilango cha milandu yokhudza nyama monga njovu, chipembere ndi ngaka chimafika zaka 30 m'ndende. Mnyamata wotchera waya pofuna nchenzi akhoza kudzapeza ngaka itakodwa, ndipo akaganiza zokagulitsa, walowa m'mlandu woposa msinkhu wake.

M'dambomo mulinso eni ake. Nthawi yabwino yowonjola misampha, mbandakucha, ndi yomwenso mvuu zimabwerera m'madzi kuchokera kodya, ndipo ng'ona za mu Shire zimadikirira pamadooko pomwe anthu amafika tsiku ndi tsiku. Anthu a ku Chiromo, Makhanga ndi midzi ya East Bank safunika kuuzidwa za zimenezi.

Madzi osefukira a mu January 2015, a namondwe Ana mu 2022 ndi a Freddy mu March 2023 anakokolola mbewu, mbuzi ndi nkhuku za mabanja ambiri kuchigwa. Mbuzi imatenga zaka kuti khola lidzadzenso, pomwe kapuku amabwerera m'miyezi yochepa. Kwa banja lotere ndowa yomwe mayi amatungira madzi masana imabwerekedwa madzulo kupita kumunda, ndipo imayenera kubwera itatsukidwa ndi sopo dzuwa lisanakwere, mayi asanapite kumjigo.